Maluwa oyera a m'zitini

Mwezi wa Okutobala ukafika, ntchito yanga yoyamba m'mawa ndi kutsuka maluwa. Sindikunena kuthirira ayi, ndikunena kutsuka. Ndimatenga madzi theka la ndowa ndi kachitini koboolaboola kunsi, n'kumawaza pamwamba pa duwa lililonse kuti fumbi lichoke dzuwa lisanakwere. Fumbi la kwathu kuno ndi lofiira ngati njerwa yowotcha, ndipo palibe chimene chimaulula fumbi msanga kuposa duwa loyera. Lofiira ndi lachikasu amabisa. Loyera likangogona usiku umodzi, m'mawa limadzuka ngati malaya a mwana amene wasewera pachulu.

Ndimakhala m'mphepete mwa tauni ya Bindura, ku Zimbabwe, kufupi ndi malo otchedwa Kitsiyatota. Dzinali ndi la Chishona, ndipo m'Chichewa tingati "mphaka wanyowa". Amene anaonapo munthu akutuluka m'dzenje la golide nthawi ya dzinja, matope mpaka m'makutu, safunsa zambiri za dzinalo. Ukaima pakhonde panga umaona milu ya dothi, timisasa ta mapulasitiki akuda, ndi anyamata osenza matumba a miyala kupita kuzigayo zophwanya miyalayo. Usiku majenereta amalira mpaka tambala woyamba, ndipo nthawi zina pansi pamagunda, makapu n'kugwedezeka m'kabati. Anthu okumba golide mwa iwo okhawa kuno timawatcha makorokoza. Anzanga akabwera kudzacheza amayang'ana mzere wa maluwa umene ndinabzala m'mbali mwa mpanda, woyera wokhawokha kuchokera pageti mpaka kubafa, ndiye amandifunsa kuti bwanji osabzala repu kapena tomato woti ndizigulitsa kwa anyamata a m'maenjewo. Repu ndili naye kuseri kwa nyumba. Koma za maluwawo yankho lake ndi lalitali, ndipo limayambira kutali ndi bwalo langa.

Tauni ino inabadwa ndi golide. Poyamba inkatchedwa Kimberley Reefs, potengera mgodi umene Azungu anatsegula kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo dzina lakuti Bindura linakhazikika mu 1913, chaka chimene njanji inafika kuchokera ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya Anglo American inayamba kukumba nickel ku Trojan, ndipo mu 1988 mgodi waukulu wa golide wa Freda Rebecca unayamba ntchito. Mabuku a mbiri ya tauni amakonda kutchula migodi imeneyi ndi eni ake. Amene ankalowa pansi satchulidwa kawirikawiri, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu a kwathu.

Chimene chinkawadzutsa kumudzi chinali msonkho. Boma la Nyasaland linkafuna ndalama pa nyumba iliyonse, koma ntchito ya ndalama inali yochepa ndi yotchipa, ndiye amuna ankauyamba ulendo wapansi, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulowera cha ku Mount Darwin kapena ku Mutoko. Pofika m'chigwa cha Mazowe, mmene muli Bindura ndi Shamva, ufa wa m'thumba unali utatha ndipo mapazi atang'ambika. N'chifukwa chake migodi ndi mafamu a m'chigwa chino zinkapeza antchito otsika mtengo: munthu wanjala sakambirana za malipiro. Ena ankagwidwa m'njira ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903, ndipo ntchito yake anthu anaitcha chibalo. Charles van Onselen anatenga liwu lomwelo kukhala mutu wa buku lake la 1976 lonena za moyo wa m'makomboni a migodi. Koma tisaganize kuti anthuwa ankangowerama. Mu Seputembala 1927 antchito pafupifupi 3,500 a pamgodi wa Shamva, mtunda wosakwana makilomita 30 kuchokera pano, ananyanyala ntchito, ndipo otsogolera ambiri anali a ku Nyasaland.

Agogo anga aamuna anabwera mochedwerako, mu 1954, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili ndi chaka chimodzi. Iwo sanayende ulendo wonse wapansi. Anachoka ku Dedza n'kukwera malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linkayendetsa mosalipiritsa pofuna kukokera antchito kumafamu ndi kumigodi yake. Ankati adzakhala zaka ziwiri, agule njinga, bulangeti ndi makina osokera, abwerere. Anamwalira kuno patapita zaka 41, ndipo kumudzi ankawawerengera m'gulu la matchona. Anagwira ntchito yapansi zaka zisanu ndi chimodzi pamgodi wina waung'ono wa golide kunja kwa tauni, mpaka chifuwa chinayamba kuwavuta. Kapitawo wina wa kwawo anawalankhulira, ndipo anawasamutsa kukagwira kunyumba ya manijala. Anakhala gadeniboyi. Anali ndi ndevu, mkazi ndi ana awiri, koma dzina la ntchitoyo linali lomwelo, ndipo dona akawafuna sankatchula dzina lawo, ankangoti "boyi".

Ntchito za m'nyumba za Azungu m'dziko muno zinkagwiridwa kwambiri ndi amuna ochokera ku Nyasaland. Makukhi, ochapa, osamala maluwa, ambiri anali Achewa, Ayao, Angoni ndi Atonga, amene eni dziko ankawatcha Manyasarandi kapena Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthu sanapondeko ku Blantyre chibadwire. Choncho aliyense amene amasirira zithunzi zakale za kumayadi a Rhodesia, kapinga wometedwa bwino ndi maluwa ali mbuu, adziwe kuti akuyang'ana ntchito ya manja a anthu amene sali pachithunzipo.

Dona wa agogo anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachikonda kuposa zonse: bedi lalitali la maluwa oyera okhaokha, kutsogolo kwa khonde. Agogo ankaona ngati ndi misala ya mayi mmodzi. Ine ndinadzadziwa nditakula kuti inali fashoni yochokera ku England. Kumeneko, ku Sissinghurst m'chigawo cha Kent, wolemba mabuku Vita Sackville-West ndi mwamuna wake Harold Nicolson anakonza munda wa maluwa oyera ndi masamba otuwa cha mu 1950. Mayiyo ankalemba za maluwa sabata iliyonse m'nyuzipepala ya The Observer, ndipo munda wakewo unatchuka mpaka akazi a Azungu a m'maiko olamulidwa ndi Britain anayamba kutengera. Nyuzipepala ndi magazini zinkafika kuno patapita milungu, dona n'kudula zithunzi, kuwaonetsa agogo ndi chala kuti akufuna zotere. Agogo sankawerenga Chingerezi, koma ankadziwa chimene chithunzicho sichinkanena, kuti ku England kumagwa mvula chaka chonse pamene kuno kuyambira Epulo mpaka Okutobala kumwamba kumakhala kouma.

Chondiseketsa n'chakuti munda wa "Chingerezi" umenewu unali ndi zomera zochepa za ku England. Arum lily, duwa lija looneka ngati fanulo yoyera yokhala ndi kachala kachikasu pakati, kwawo ndi kumwera kwa Africa konkuno, kumene limamera lokha m'madambo. Agapanthus woyera ndi wa ku South Africa. Frangipani anachokera ku Central America, cosmos ku Mexico, petunia ku South America. Ndipo rozi limene dona ankalinyadira kwambiri, lotchedwa Iceberg, linatulutsidwa mu 1958 ndi alimi a maluwa a banja la Kordes ku Germany. Zomera za ku Africa zinawoloka nyanja, zikalandira ulemu ku Ulaya, n'kubwerera kuno pazithunzi ngati alendo olemekezeka. Anthu amene anawoloka Zambezi yekha sanalandire ulemu wotero.

Chinsinsi cha bedi limenelo chinali madzi. Mgodi uliwonse wakuya umalimbana ndi madzi apansi, ndipo mapampu amawatulutsa usana ndi usiku. Pamgodi wa agogo ena mwa madziwo ankapita kumayadi, ndipo agogo ankakoka paipi m'mawa ndi madzulo kuthirira kapinga ndi marozi ngakhale m'chilimwe chowawa. Kukomboni, kumene kunali mabanja ambirimbiri, mpopi unali umodzi, ndipo agogo aakazi ankadzuka kusanache kukaima pamzere ndi chidebe. Agogo aamuna ankanena nkhani imeneyi mosakwiya, ngati akunena za nyengo, koma sankaiwala kuitchula.

Kukomboni nakonso kunali maluwa oyera, kungoti palibe ankawatcha maluwa. Agogo aakazi, amene anabadwira pafamu ina ya fodya kwa makolo ochokera ku Ntcheu, ankafesa luni kuseri kwa nyumba, ndipo luni akakula amatulutsa timaluwa toyera ta ndevu zazitali ngati za mphaka. Padenga la kitchini pankayanga mphonda, zimene maluwa ake oyera amatseguka madzulo n'kufota m'mawa. Tsabola naye maluwa ake ndi oyera. Zonsezi zinali ndiwo ndi zikho, ndipo zonse zinali mbewu za nyengo imodzi. Mtengo wa mango kapena wa mandimu palibe ankabzala. Nyumba inali ya kampani: ntchito ikatha, kapena ukadwala, kapena ukayankhana ndi kapitawo, unkapatsidwa masiku ochepa kuti utuluke. Kumidzi ya eni dziko mlendo analibe munda, ndipo malo abwino lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linali litawapereka kwa Azungu. "Mlendo ndi mame," agogo aakazi ankatero akamaona wina akukumba dzenje la mtengo. Amene ankafuna duwa lokhalitsa ankalibzala m'chitini cha mafuta ophikira kapena cha parafini, choti tsiku losamuka achinyamule pamutu.

Marozi kuno amadulidwa mu Julayi, kukazizira. Chaka china, agogo atamaliza kudulira marozi a dona, anaunjika nthambi kuti awotche monga mwa masiku onse, koma timitengo titatu ta Iceberg anatikulunga m'chiguduli chonyowa n'kutiika m'thumba la ovolosi. Kunyumba anatizika m'chitini cha mchenga wosakaniza ndi dothi la pansi pa mtengo, n'kuchiika pamthunzi. Kamodzi kanaphuka. Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1980, ndinkaona chitini cha dzimbiri pakhomo pawo, momwe munali chidzukulu cha kamtengo kaja, ndipo tsiku lina ndinawafunsa ngati kumeneko sikunali kuba.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ankakonda kunditcha mkazi wawo wamng'ono, monga amachitira agogo ndi adzukulu kwathu. "Mkazi wanga, iwe ukufuna undimangitse? Chimene chikupita kumoto chili ndi mwini?" Kenaka anawonjezera kuti, "Dona ankadziwa dzina lake. Ine ndinkadziwa ludzu lake."

Sindikufuna kuwakometsera agogo mopitirira. Ntchitoyo ankaikonda, ndipo ankanyadira kuti alendo a bwana ankaima pakhonde kuyamikira bedi loyeralo, ngakhale mayamikowo ankapita kwa dona. Pali anthu amene amafuna kuti ndinene kuti agogo ankadana ndi duwa lililonse limene ankathirira. Sizinali choncho. Munthu angathe kudana ndi goli koma n'kukonda ng'ombe imene akulima nayo. Chimene ankadandaula n'chakuti maluwa oyera amakongola kwambiri dzuwa litalowa, mitundu ina yonse itazimirira mumdima, ndipo nthawi imeneyo iwo ankayenera kukhala atatuluka m'yadi, pamene bwana ndi dona ankakhala pakhonde ndi matambula awo. Kwa zaka pafupifupi 20 anasamala munda umene sanauonepo pa ola lake labwino.

Dziko litalandira ufulu mu 1980, dona ndi mwamuna wake anapita ku South Africa. Nyumba ija inalowa anthu ena, bedi lija anabzalamo chimanga, ndipo sindiwaimba mlandu. Bambo anga analowa ntchito pamgodi womwewo. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mtengo wa golide unagwa padziko lonse, mpaka mu 1999 unatsika kufika pansi pa madola 260 a ku America pa aunsi, ndipo migodi ing'onoing'ono yambiri inatseka. Wathu unali umodzi mwa imeneyo. Agogo aamuna anali atamwalira kale. Tinakweza katundu pangolo, ndipo amayi ananyamula chitini cha rozi pamiyendo ulendo wonse wopita m'tauni.

Zaka zotsatira zinali zowawa kwa mbumba ya matchona. Kuyambira mu 2000 mafamu a Azungu analandidwa, ndipo antchito a m'mafamumo, ambiri a iwo zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anatsala opanda ntchito ndi pokhala. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anayenera kukana unzikawo motsata malamulo a dzikolo m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataye wa Zimbabwe. Ine ndinabadwira kuno, amayi anabadwira kuno, ku Dedza ndinali ndisanapiteko, koma chitupa changa chinkanena kuti ndine mlendo, ndipo sindinkaloledwa kuvota. Andale ena ankatinyoza kuti ndife anthu opanda mutupo, liwu la Chishona la mfunda, ngati kuti Phiri, Banda ndi Mwale si mifunda. Mu Meyi 2005 kunabwera Operation Murambatsvina, nyumba zosavomerezeka zinagwetsedwa m'matauni a dziko lonse, ndipo kachipinda ka kuseri kamene tinkachita lendi kanali m'gulu lomwelo. Eni dziko ambiri anathawira kumidzi kwawo. Ife mudzi wothawirako tinalibe. Tinagona panja milungu ingapo m'nyengo yozizira, ndipo rozi linagona nafe, m'chitini chake chachinayi kapena chachisanu.

Maenje amene ndimawaona pakhonde panga anachuluka m'zaka zomwezi. Kukumba golide mwa wekha kunayamba kukula ndi mavuto a chuma a 1991 ndi chilala cha 1992, koma ntchito zitatha m'mafamu ndi m'migodi kunasefukira. Mu 2006 apolisi anayamba Operation Chikorokoza Chapera pofuna kuthetsa ntchitoyi, ndipo anthu ambiri anamangidwa, koma njala inali yamphamvu kuposa unyolo. Mu 2008 ndalama ya dziko inasanduka mapepala, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mgodi wa Trojan unaimitsa ntchito kwa zaka zingapo. Mwamuna amene anaphunzira kuboola mwala ndi kuwerenga msempha wa golide kwa bambo ake akanapita kuti? Lero okumba ang'onoang'ono ndi amene amapereka golide woposa theka la amene dziko limagula. Mukamvetsera bwino ku Kitsiyatota madzulo, pakati pa Chishona mudzamva Chichewa, chosakanikirana ndi chopindika koma Chichewa ndithu. Agogo awo ankakumbira kampani, iwo akukumbira aliyense amene wawagulira ufa ndi dizilo.

Malamulo aakulu atsopano a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa ife amene tinabadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Ndinakasintha chitupa. Chaka chotsatira, ndi ndalama za kusoka zimene ndinasunga kwa nthawi yaitali, ndinapeza kapuloti kano, kotsika mtengo chifukwa cha phokoso ndi fumbi. Nyumba isanafoleredwe n'komwe, ndinakumba dzenje lofika m'bondo pafupi ndi pamene padzakhale geti, ndinathiramo manyowa a ng'ombe owolerana, ndinang'amba chitini ndi chikwanje, n'kuika rozi pansi. Mizu yake inali itazungulirazungulira ngati nkhata ya pamutu, ndipo ndinachita kuimasula ndi zala. Amayi anaima pambali osanena kanthu. Pambuyo pake anangoti, "Mwathira madzi okwanira?" ndipo analowa m'nyumba yopanda dengayo.

Kuchokera pa rozi limenelo mzere wakula chaka ndi chaka, ndipo ndaphunzira zambiri mwa kulakwitsa. Dothi lathu ndi katondo: dzinja limagwira madzi ngati mphika, chilimwe limauma ngati konkire. Ndinalitembenuza ndi manyowa, masamba owola ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo ndimaphimbira ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe, koma udzuwo sindiufikitsa patsinde chifukwa umaitana chiswe. Marozi awiri anafa ndi chiswe ndisanadziwe zimenezi. Nsabwe za pamasamba ndimazipopera madzi a sopo. Dothi la pamilu ya m'maenje sinditenga ngakhale ali aulere, ndipo madzi a m'maenje sindithirira, ngakhale ali pafupi, chifukwa okumba amagwiritsa ntchito mekyule pogwira golide ndipo ena amaviika dothi mu cyanide. Madzi anga ndi a kubafa ndi otsukira mbale, ndi ndowa ziwiri za pachitsime mpopi ukauma, zimene zimachitika kawirikawiri.

Kusowa kwa madzi ndiko kunandiuza pobzala chilichonse. Arum lily ali kumapeto, pamene ngalande ya kubafa imathera, chifukwa amafuna mapazi onyowa nthawi zonse. Agapanthus ali pakati, iye amapirira chilimwe ndi mizu yake yonenepa n'kudzatulutsa mitu yoyera mvula ikayamba. Pakona pali frangipani, amene nthambi yake ndinaisiya pamthunzi milungu iwiri kuti utomoni uume ndisanaizike. Ukaizika yaiwisi imawola. M'nyengo yozizira amayoyola masamba onse n'kutsala ngati nyanga, ndipo ana amati wafa. Kutsogolo ndimafesa alyssum mu Epulo, amene amayala pansi ngati ufa wotayika ndipo amanunkhira uchi. Pamalo ouma kwambiri pali vinca woyera, duwa la ku Madagascar limene kuno anthu amalidziwa ngati duwa la kumanda chifukwa silifuna womusamala. Cosmos amadzifesa yekha n'kuchita maluwa mu Malichi ndi Epulo, koma ndi wosamvera: mbewu ya woyera imabala ena ofiirira, ndipo ndimayenera kuwazula asanagwetse mbewu. Kuzula duwa lathanzi chifukwa cha mtundu wake kumandiwawa chaka chilichonse, ndipo dzanja likamazula mutu umaganiza zimene sindifuna kuganiza. Masiku ano ndimawazula ndi dothi lawo n'kuwapatsa aneba.

Chimene dona sakanalola ndi chimene ndimachikonda koposa. Pakati pa marozi ndimafesa luni, ndipo pampanda pamayanga mphonda. Luni ndimathyola nsonga zake kuphika ndi nsinjiro, wotsalayo ndimamusiya achite maluwa. Mlendo wina wodziwa za maluwa anaima nthawi yaitali pamenepo n'kundifunsa kuti mbewu ya duwa la ndevulo ndinaitanitsa kuti. Ndinamuuza kuti adikire chakudya chamasana.

Magetsi kuno amazima kawirikawiri, ndipo madzulo otero ndimatulutsa mpando pakhonde. Dzuwa likalowa dothi lofiira limada, mpanda umazimirira, ndiye mzere woyera umatsala wokha ukuyandama mumdima. Maluwa a mphonda amatseguka, agulugufe ausiku n'kumabwera. Limeneli ndi ola lija agogo sankaloledwa kuliona. Ndi olanso limene anyamata a m'maenje amasinthana, ena akutsika, ena akubwera ndi matochi pamphumi, ndipo njira yawo imadutsa pampanda panga. Wina anandiuza kuti akamachokera kudzenje usiku, akaona choyeracho amadziwa kuti wafika pamsewu.

Ntchito yawo imadya anthu. Mu Novembala 2020 mgodi wakale wa Ran, konkuno ku Bindura, unagumuka anthu ambiri ali pansi, ndipo opulumuka anali ochepa. Nkhani imeneyo inamveka dziko lonse. Koma maenje ang'onoang'ono amagumuka mwakachetechete, makamaka mvula ikalowa, ndipo nkhani yake imathera pamaliro. Dzinja lina mnyamata wa pamzere wathu, mdzukulu wa mtchona wa ku Mangochi, anakwiririka. M'mawa wa tsiku loika maliro azakhali ake anagogoda pageti. "Amayi, pepani tabwera ndi manyazi. Tilibe ndalama ya nkhata." Ndinatenga sizasi yanga yosokera n'kudula chilichonse chimene chinali chotseguka, marozi, agapanthus, frangipani, ndipo tinakhala pamkeka kuluka nkhata zinayi pa waya ndi masamba a mkungudza. Mzere unakhala wobiriwira wokhawokha kwa milungu itatu. Kuyambira pamenepo amabwera, ndipo sindiwerenga kuti kangati.

Chaka chatha anyamata atatu anafika ndi makina ofufuzira golide aja olira ngati udzudzu. Anapereka moni mwaulemu, zipewa m'manja. Wamkulu wawo anati msempha umene akuutsata ukuoneka kuti ukulowera pansi pa mpanda wanga, ndipo ngati ndingalole dzenje limodzi pakona, pamene pali frangipani, adzandigawira gawo pa thumba lililonse. Anatchula ndalama imene sindiipeza pa miyezi itatu ya kusoka. Ndinawapatsa madzi akumwa n'kuwauza kuti ayi. "Mayi, maluwa tidzakubzalirani ena," anatero wamng'ono, ndipo sankanyoza, ankanena zoona zake. Anapita mwamtendere. Koma dzenje silisowa chilolezo cha mwini bwalo kuti liyende pansi, ndipo mvula yapitayi khoma la bafa linang'ambika mng'alu wolowa chala, kuchokera pansi mpaka pawindo. Womanga amene ndinamuitana anati mwina ndi katondo chabe, amene amafufuma ndi kunyala. Mwina ndi choncho.

Julayi uno ndinadulira marozi monga mwa nthawi zonse. Nthambi ndinaunjika kuti ndiwotche, koma ndisanayatse ndinasankha zisanu zonenepa ngati pensulo, ndinadula chilichonse kutalika kwa chikhatho ndi theka, kunsi ndinadula pansi pa diso, ndi kuchotsa masamba onse kupatula awiri apamwamba. Mwana wanga wamkazi anandipeza kuseri ndikutsuka zitini za mafuta ophikira.

"Amayi, zitinizo n'zachiyaninso? Si marozi ali pansi kale?"

"Ali pansi," ndinatero. "Tandipatsira msomali ndi hamala, ndiboole kunsiku."